Akuzike Alowera Khomo Lakutsogolo

Uthenga wa Dixon unalowa Lachinayi masana, Akuzike ali m'galimoto mwake akudya mpunga wotsala dzulo.

"Loweruka ubwere ku Indy. Ndapeza bala imene amakoka mowa uja ndi manja."

Akuzike anauwerenga kawiri, n'kuika supuni pansi. Nkhani ya mowa umenewo anaikamba kamodzi kokha, mu Julaye, pa chikondwerero cha ufulu wa Malawi chimene anthu akwathu amachitira ku paki ina ku South Bend. Tsikulo silinayambe bwino. Dixon Mphande, mnyamata wamtali wogwira ntchito pa chipatala china ku Indianapolis, anaona mateyala a chikuku chake atatitimira m'kapinga, ndipo anangochigwira kumbuyo n'kuyamba kukankha. Akuzike anamudzudzula anthu akumva. Anamuuza kuti chikukucho ndiye miyendo yake, ndipo miyendo ya mwana wamkazi saigwira osapempha. Dixon anapepesa, kenako anakhala pansi pa udzu pomwepo kuti asamamuyankhule ali chiimire, ndipo anacheza mpaka makala ootchera nyama atazima.

Pa macheza amenewo Akuzike anamuuza kuti ali ku Bunda, kumene anaphunzira sayansi ya zakudya, ankachita chidwi ndi mowa wamasese chifukwa umafika kwa womwa udakali wamoyo. Anawerenganso kuti Angerezi ali ndi wawo wotero, umene amautcha real ale. Ukafulidwa sauphanso ndi moto, saupoperanso mpweya wa m'chitini, umangopitiriza kupsa wokha mu mgolo mpaka tsiku loukoka. Ankalakalaka atadzaulawa. Kenako inabwera ngozi ija ya pamsewu woterera ndi chisanu, zaka zinayi zapitazo, ndipo zolakalaka zambiri anangozipinda n'kuziika pansi pa sutikesi.

"Masitepe angati?" analemba.

"Palibe."

"Onse amatero pafoni. Ukafika amati pepani, lowerani kumbuyo, uku akusuntha mabini a zinyalala."

"Kuno ayi."

"Nanga chimbudzi?"

Timadontho titatu tinavina pafoni, n'kuzimiririka, n'kubweranso.

"Bwera udzaone wekha, Aku. Za pakamwa wamva zambiri."

Akuzike anayang'ana panja. Chichitikire ngozi, tauni ya South Bend ankaidziwira m'makomo akumbuyo. Fungo la makhitchini a malesitanti ankalidziwa kuposa la chakudya chawo. Pa ukwati wa mnzake wina anyamata anamunyamula ndi chikuku chomwe pa masitepe a holo, anthu akuomba m'manja ngati akuonera zisudzo, iye akumwetulira ndi mano okha. Kuyambira tsiku limenelo akaitanidwa kocheza ankangoti watopa.

Analemba liwu limodzi: "Ndibwera."

* * *

Loweruka m'mawa achimwene ake, a Gray, anamupeza panja akutsitsa chokwerera cha vani yake. A Gray ndiwo anamubweretsa ku America, ndiwonso ankagona pa mpando wa m'chipatala nthawi yonse imene iye anali chigonere. Anali mkulu wa mpingo, munthu woyankhula pang'onopang'ono, ndipo akaima manja kumbuyo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti pali nkhani.

"Alamu ako akuti ukupita ku Indianapolis."

"Eya, achimwene."

"Wekha?"

"Ndekha. Ndimadiraiva tsiku lililonse."

"Kupita kuntchito ndi kubwerera. Uwu ndi ulendo, Akuzike. Bwanji iyeyo osabwera kuno?"

"Wabwera kangapo. Nthawi zonse mumamukhazika pabalaza ngati wabwera kudzafunsira ntchito."

A Gray sanaseke. Anazungulira vani, akumenya teyala lililonse ndi nsonga ya nsapato, kenako anaima pafupi ndi mlongo wawo.

"Mnyamatayo sindidana naye. Koma Mervin nayenso ankabwera ndi maluwa kuchipatala. Ukukumbukira kuti anasiya liti."

Akuzike ankakumbukira. Mervin anali chibwenzi chake, ankhoswe anali atadziwana kale kumudzi. Dokotala atanena kuti miyendo sidzayendanso, maluwa anayamba kubwera ndi munthu wina, kenako anasiyiratu.

"Dixon sanandidziwe ndikuyenda," anatero. "Palibe chimene akudikira kuti chibwerere."

"Iyeyo mwina. Koma mwamuna sakwatira yekha. Ali ndi kwawo."

"Tisanafike ku ukwati, achimwene, ndiloleni ndikadye kaye nkhomaliro."

"Mukakadyera kuti?"

"Ku Speedway."

Anatchula tauni yokha chifukwa sanafune kunama. A Gray akanamva liwu loti bala, ulendowo ukanathera pomwepo ndi pemphero lalitali. Anamuyang'ana kwa kanthawi, n'kulowa m'nyumba. Atatuluka anali ndi botolo la madzi ndi jekete yawo yaikulu, zimene anaziika pa mpando wakutsogolo.

"Ukafika utekisite. Ndipo dzuwa lisakulowere panjira."

* * *

Msewu wa 31 unatsetsereka kulowera kum'mwera, wowongoka ngati wojambulidwa ndi rula. Poyamba dzanja la Akuzike linali thukuta lokhalokha pa kandodo kamene amapatsira moto ndi kugwirira buleki. Thiraki iliyonse ikamudutsa, msana unkauma. Koma atadutsa Plymouth mapewa ake anatsika okha.

Unali mwezi wa Okutobala. Chimanga chinali chitauma mbali zonse za msewu mpaka kumene maso amalekezera, ndipo makina okolola, aakulu ngati nyumba, ankayenda m'minda akutulutsa fumbi lagolide. Mitengo inali itavala masamba ofiira ndi achikasu. Akuzike anali ataiwala kuti thambo limakula chonchi. Kwa zaka zinayi ankaliona pawindo la chipinda, kapena pakati pa madenga a malo oimikapo magalimoto. Anatsitsa galasi, mphepo yozizira n'kumumenya kumaso, ndipo atafika ku Kokomo anadzipeza akuimba yekha.

Ku Speedway, m'mphepete mwa Indianapolis, bwalo la mpikisano wa magalimoto linangotulukira mwadzidzidzi pafupi ndi nyumba za anthu. Anali atamva za ilo, koma sankaganiza kuti zitsulo zokhalapo oonerera zingatalike chotero, mzere pamwamba pa mzere, kuyenda limodzi ndi msewu osafuna kutha. Munalibe munthu tsikulo. Anachepetsa liwiro, akuyang'ana m'mwamba ngati mwana wolowa mu mzinda koyamba, mpaka wakumbuyo anamuimbira huta.

* * *

Balayo dzina lake linali Tamber House, imodzi mwa mabala angapo a kampani imodzi amene amafanana chikwangwani ndi utoto wobiriwira. Dixon anali ataima pafupi ndi malo opakira galimoto a mizere ya buluu, atavala malaya oyera ositidwa bwino, manja onse m'matumba. Akuzike anatsika, ndipo mnyamatayo sanasunthe kuti amuthandize. Anangowerama pang'ono.

"Wayenda bwanji, Aku?"

"Ndafika. Khomo langa lili kuti?"

"Ndi lomwelo."

Akuzike anafunafuna ndi maso kanjira kam'mbali kokhala ndi zitsulo, kamene nthawi zambiri kamabisidwa kuseri kwa maluwa. Kunalibe. Simenti inangokwera pang'onopang'ono kuchokera pamene anapaka mpaka pakhomo, ndipo bambo wina wachizungu ndi mkazi wake ankayenda pomwepo patsogolo pake osazindikira n'komwe kuti akukwera. Akuzike anadina batani la pakhoma, zitseko ziwiri n'kutseguka zokha. Analowa. Palibe amene anathamanga, palibe amene anakuwira mnzake kuti abweretse thabwa. Mtsikana wolandira alendo anangoti takulandirani, muli awiri?

M'katimo munkanunkhira mkate wootcha ndi matabwa. Pakati pa matebulo panali mpata woti anatha kutembenuka osagunda chigongono cha munthu.

"Dikira pano," anauza Dixon. "Sindinakhulupirirebe."

Anapita kuchimbudzi. Chitseko chinali chopepuka, chotseguka ndi chala chimodzi. Munali zogwirira mbali zonse ziwiri, sinki yoti mawondo amalowa pansi pake, sopo pamalo pofikirika. Kenako anadzutsa mutu, n'kuuma pomwepo. Kalilole anayambira pa sinki penipeni. M'malo ambiri ankangoona nsonga ya tsitsi lake, mwina chipumi. Apa anadziona yense: ndolo zimene anavala m'mawa, diresi yake yachitenje ya buluu, mapewa amene chikuku chinawalimbitsa, nkhope ya mkazi wa zaka makumi atatu amene wadiraiva yekha kuchokera ku South Bend. Anakhala akudziyang'ana nthawi yaitali. Anatulutsa lipisitiki m'chikwama, n'kudzola mosafulumira.

Atatuluka Dixon anamuyang'ana kumaso, n'kuyang'ananso kumbali ngati waona kuwala kothobwa m'maso.

"Ndakhoza?" anafunsa.

"Mayeso sanathe. Mowa uja uli kuti?"

* * *

Kauntala ya balayo inali yaitali ngati zonse, koma kumapeto kwake inatsika kufika pa msinkhu wa tebulo. Pamenepo m'pamene panali chogwirira chachitali chamtengo chokhala ndi mkuwa kunsonga. Wogulitsa anali mayi wa tsitsi lofiirira, dzina lake pachifuwa lolembedwa kuti Tiffany. Akuzike anamufunsa m'Chingerezi ngati umenewo unalidi wa mu mgolo.

"Mgolo tinautsegula dzulo," anayankha Tiffany. "Uli pansi pathu pano, m'chipinda chozizira. Ukatha masiku ochepa umasasa, ndiye mwabwera tsiku labwino."

"Kapu yaing'ono yokha. Ndikudiraiva madzulo."

Tiffany anaika kapu pansi pa kampopi kopindika ngati khosi la tsekwe, n'kukokera chogwirira chija kwa iye ndi mkono wonse. Panamveka kupuma kwa mpope, mowa n'kutuluka. Anabweza, n'kukokanso.

"Mjigo," ananong'ona Akuzike. "Dixon, ndi mjigo weniweni."

Dixon anaseka. Tiffany anafunsa chimene wanena, ndipo atamufotokozera za mijigo ya kwathu imene amayi amapopa m'mawa, anatembenuzira chogwiriracho kwa Akuzike kuti amalize yekha kukoka kotsiriza. Chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera. Anamva m'dzanja mwake mowa ukukwera kuchokera pansi pa nyumba.

Anaika kapuyo patsogolo pake osaigwira. M'katimo munali chimtambo chotuwa chikuzungulira, tinthovu tating'ono tikutsika m'mbali mwa galasi m'malo mokwera. Pang'onopang'ono chinayera kuyambira pansi, mpaka mowa unasanduka wofiirira ngati uchi woikidwa padzuwa, thovu loyera litakhala phee pamwamba. Akuzike anali atawerenga zonsezi m'mabuku. Kuziona kunali kwina.

Analawa. Sunali wozizira kopweteka mano, ndipo sunalume pakhosi. Unayamba ndi kukoma kwa chimera chokazinga, kenako kunabwera kafungo ka makoko a lalanje, ndipo atameza kuwawa kofatsa kunatsala kumbuyo kwa lilime, kosafuna kuchoka. Anatseka maso.

"Uli bwanji?" anafunsa Dixon.

"Usandiyankhule kaye."

Atatsegula maso anapeza Tiffany akuyang'anitsitsa Dixon, mutu ataupendeketsa.

"Ndinu bambo aja a chikuku," anatero. "Chigongono chinapola?"

Dixon anayang'ana kudenga. Akuzike anaika kapu pansi.

"Chikuku chiti?"

Tiffany sanadikire chilolezo. Anafotokoza kuti sabata yapitayo bamboyo anabwera ali pa chikuku chobwereka. Atangolowa ananeneratu kuti amayenda bwinobwino, koma pali mlendo wofunika amene akubwera, ndipo sakufuna kumva za makomo kuchokera kwa anthu oyenda ndi miyendo. Anali atayesa kale nthambi yawo ya m'tauni, kumene anakanirira pa chitseko cha chimbudzi, ndi ina ya cha ku Lafayette Road, kumene anagubuduka chagada potsika m'mphepete mwa msewu n'kudzisupula chigongono. Kuno anazungulira paliponse, ndipo anapempha manijala kuti achotse mipando ya ana imene inkaunjikidwa m'kanjira kopita kuchimbudzi.

"Tinaichotsa, ndipo sitinaibwezeremonso," anatero Tiffany, n'kupita kwa makasitomala ena.

Awiriwo anasamukira pa tebulo la pawindo, ndipo chakudya chinabwera. Mumtima mwa Akuzike munali zinthu ziwiri zikukankhana.

"Ukudziwa kuti masana amodzi pa chikuku si moyo wa pa chikuku," anatero.

"Ndikudziwa. Mapewa anandipweteka, koma ine ndinadzuka n'kuchipinda, n'kukachibweza. Sindikunena kuti ndadziwa zimene umakumana nazo."

"Ndiye unachitiranji?"

"Sindinafune kuti uyende ulendo wonsewo kudzalowera kumbuyo."

Akuzike anayang'ana mkono wa malaya ake oyera.

"Pinda ndione."

Dixon anapinda. Pa chigongono panali chilonda chouma, chachikulu ngati chivindikiro cha botolo. Akuzike anachikhudza ndi nsonga ya chala, modabwa, ngati chinthu chimene sanaonepo pa thupi la munthu. Anthu ambiri anamunyamulapo, ena anamulirira, ena anamupempherera. Sankadziwa kuti pangapezeke wina wokagwa m'malo mwake pamsewu wa Lafayette iye asakudziwa. Chalacho chinatsetsereka mpaka chinafika m'dzanja la Dixon, ndipo sanachichotse.

* * *

Dzuwa linali litapendeka, mbale zitachotsedwa, pamene mawu a mkazi anamveka kumbuyo kwawo m'Chichewa.

"Kodi si a Dixon awa?"

Anali mtsikana wowoneka bwino, wovala yunifolomu ya unamwino ndi jekete yachikopa, atanyamula chakudya chokulunga. Dixon anaimirira mofulumira kwambiri moti tebulo linagwedera.

"Pamela. Aku, uyu ndi Pamela Kachingwe. Mayi ake ndi mayi anga amapemphera limodzi ku Zomba."

Pamela anayang'ana mateyala, kenako kapu yotsala pang'ono patebulo, kenako Dixon.

"Sindimadziwa kuti Loweruka umatulutsako mapeshenti."

"Si peshenti. Ndi Akuzike."

"Ooh. Akuzike wake ndinu?" Nkhope ya Pamela inawala ngati walandira mphatso. "Mayi Mphande ananditumizira chithunzi chanu kuti ndiwauze ngati ndimakudziwani. Chokongola kwambiri. Kungoti chinalekezera m'mapewamu."

Akuzike anamwetulira.

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

"Ndaswera bwino, kaya inu. Ndiye tidzaonana mayi akafika. Akutera sabata ya mawa, afikira kwa ine popeza kwa Dixon n'kwa mbeta." Anatembenukira kwa Dixon. "Sunawauze alendo? Iwe ndi zinsinsi."

Anatsanzika mwaulemu wonse. Akuzike anamuona pawindo akupita ku galimoto yake, foni ili kale kukhutu.

Dixon anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndimati ndikuuze lero lomwe za kubwera kwawo."

"Zimenezo zisiye. Mayi ako akudziwa kuti ndimayenda pa chikuku?"

"Ndimafuna akuone kaye, akumve ukuyankhula. Mayi anga ndi munthu wabwino, Aku, koma ndine mwana wawo mmodzi yekha, ndipo anthu a kumpingo kwawo..."

"Ndafunsa ngati akudziwa."

Dixon anapukusa mutu.

Akuzike anayang'ana kapu yake. Thovu linali litasiya mizere yoyera m'mbali mwa galasi. Munthu yemweyu anagubuduka pamsewu chifukwa cha iye, ndipo munthu yemweyu anatenga chithunzi chake n'kuchidula m'mapewa. Sanadziwe kuti zinthu ziwirizi azisunge pati.

Foni ya Dixon inayamba kunjenjemera patebulo. Pagalasi panaoneka nkhope ya mayi wachikulire wovala duku loyera, ndipo pansi pake panalembedwa kuti Amayi. Inali foni ya vidiyo. Dixon anaiyang'ana ngati ndi njoka.

"Ndiwaimbira ndikafika kunyumba."

"Ayi."

Akuzike anatenga foniyo, n'kuitsamiritsa pa botolo la tsabola kumapeto kwa tebulo. Anamasula mabuleki a chikuku, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pakanjira, pamene kamera ikanamuona kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anakonza diresi pamawondo.

"Yankha."

Dixon anadina. Chithunzi chinagwedera, kenako chinakhazikika. Mayi Mphande anali pabalaza pawo, nyale itayaka kumbuyo, magalasi ali pamphuno.

"Dixon, Pamela akundiuza zinthu zimene sindikuzimvetsa."

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero Akuzike, manja onse ataika pachifuwa. "Ndine Akuzike."

Mayiwo anasendeza nkhope pafupi. Milomo yawo inayamba kumwetulira chifukwa nkhopeyo anaizindikira. Kenako maso anatsika, n'kuima pa mateyala, n'kukhala pamenepo. M'balamo wina anaseka kutali, mpope wa Tiffany unapuma kawiri.

"Dixon," anatero mayiwo motsitsa mawu, "tenga foniyo utuluke panja. Ndikufuna ndiyankhule ndi mwana wanga."

Dixon anatambasula dzanja, n'kuliimitsa m'malere pamwamba pa foni. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana Akuzike. Akuzike anakoka mabuleki onse awiri, n'kupinda manja, kudikira kuti aone ngati mnyamatayo aimirire.